Chipilala cha Keyala pa Zomba

Munthu wochokera ku Blantyre akadutsa Namadzi ndi Thondwe, phiri la Zomba litayamba kukula kutsogolo kwake, amafika pa nsanja ya njerwa zofiira yomwe yaima pambali pa msewu asanalowe m'tauni. Pamwamba pake pali wotchi. Chapafupi pomwepo pali kampu ya asilikali ya Cobbe ndi nyumba zimene anamangira asilikali okalamba. Anthu a ku Zomba anaizolowera nsanjayi. Amaitchula polozerana njira, ndipo masiku ambiri a chaka ndi ochepa amene amapatuka kukaona zolembedwa pamenepo. Wopatuka amapeza mayina oposa 1,200 atandandalikidwa m'mizere. Ndi mayina a asilikali a King's African Rifles, gulu limene makolo athu ankalitchula kuti Keyala, amuna amene anachoka m'dziko muno kupita ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 osabwerako.

Zomba inakhala mudzi wa asilikali kalekale nsanjayi isanamangidwe. Harry Johnston atakhazikitsa boma la Angerezi pano mu 1891, anaitanitsa asilikali a mtundu wa Sikh kuchokera ku India, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, yemwe anaphedwa m'Disembala chaka chomwecho polimbana ndi anthu a Makanjira kunyanja. Amwenyewo anali ochepa, tsono boma linayamba kulemba anthu a konkuno, poyamba Atonga, kenako Ayao ambirimbiri, pambuyo pake Alomwe, Angoni ndi Achewa. Ntchito yawo yoyamba inali ya m'dziko momwe muno ndi m'malire mwake. Anagwetsa malinga a Mlozi ku Karonga mu 1895, anathyola mphamvu za mafumu a Chiyao, anakagwira Gomani mu 1896, ndipo mu 1898 anakamenya Angoni a Mpezeni. Izi ziyenera kunenedwa poyera pa chipilalachi. Nkhondo zina mwa zimenezi zinathetsadi malonda a akapolo, koma nkhondo zomwezo ndi zimene zinalanda mafumu ulamuliro n'kubweretsa msonkho wa nyumba. Amene anagwira mfuti pa ntchitoyi anali ana a m'midzi yathu.

Atatha kugonjetsa kwawo, anawatumiza kutali. Anafika ku Mauritius mu 1899, anakamenya nkhondo kwa Ashanti mu 1900, ndipo pa 1 Januwale 1902, pamene Angerezi anaphatikiza magulu awo a kuno, a ku Kenya ndi a ku Uganda kukhala King's African Rifles, mabataliyoni oyamba awiri anali a dziko lino. Chaka chomwecho anali ku Somaliland kulimbana ndi Mohammed Abdullah Hassan. Pa 6 Okutobala 1902, pa malo otchedwa Erego, mkulu wawo Alexander Cobbe anachita zimene zinam'patsa mendulo yapamwamba kwambiri ya Angerezi, Victoria Cross, ndipo kampu ya pa Zomba inadzatenga dzina lake. Patangopita miyezi isanu ndi umodzi, mu Epulo 1903, gulu la asilikali a bataliyoni yachiwiri linazingidwa pa Gumburu, zipolopolo zinawathera, ndipo ambiri anafera pomwepo. Dzina la Cobbe mwana aliyense wa ku Zomba amalidziwa. Za Gumburu ndi ochepa anazimvapo, ngakhale kuti ogona kumeneko ndi anthu a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi.

Nkhondo yaikulu itabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, sinachedwe kufika kuno, chifukwa kumpoto tinkachita malire ndi dziko la Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania. Pa 13 Ogasiti sitima ya boma ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda pa Sphinxhaven, lero Liuli, ndipo kuchokera tsiku limenelo nyanja inali m'manja mwa Angerezi. Mzinga wa Guendolen ulipobe pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Pa 9 Sepitembala Ajeremani anaukira Karonga, Keyala inawabweza, ndipo mbali zonse ziwiri zinataya anthu. Panali chinthu chowawa pa malire amenewo. Mu 1911 boma linali litathetsa bataliyoni yachiwiri pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ena mwa asilikali ochotsedwawo anawoloka Songwe kukalembedwa usilikali kwa Ajeremani, kumene malipiro anali abwinoko. Nkhondo itayamba, anthu omwe anaphunzira perete pa bwalo limodzi pa Zomba analozetsana mfuti.

Mbiri ya ku Karonga itamveka kumwera, John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Anakumbutsa boma za magazi amene anthu akuda anakhetsa ku Somaliland ndi kwina, nafunsa chimene adzapindule nkhondo ikadzatha. Mfundo yake inali yakuti anthu olemera ndi olamulira, eni mkanganowo, ndiwo apite kukafa, osati amphawi amene adzasiya amasiye oti azivutikabe ndi msonkho. Boma linaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira ku Magomero, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa. Ena mwa amene anatumidwa ku Mbombwe anali asilikali ochokera pa kampu yomweyi. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama zathu, ndipo mayina a asilikali a Keyala ali pa chipilala, mtunda wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto kuchokera ku tchalitchi chake. Ine sindiona chifukwa chosankhira mbali imodzi n'kutaya inayo. Chilembwe ankalankhulira anthu omwewa. Ndi ochepa pa nthawiyo amene analemba poyera kuti moyo wa msilikali wakuda uli ndi mtengo.

Msewu umene umadutsa pa chipilalachi uli ndi mbiri yakeyake pa nkhondoyo. Mu Meyi 1916 General Edward Northey anayamba kulowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja. Chilichonse chimene asilikali ake ankafuna, ufa, mpunga, zipolopolo, mankhwala, mabulangete, chinkachokera kutali. Chinkakwera mtsinje wa Zambezi, kukwera sitima ya pamtunda mpaka ku Limbe, kudutsa pa Zomba kupita ku Fort Johnston, komwe ndi ku Mangochi, kenako kukwera sitima za panyanja, kuphatikizapo Chauncy Maples ya amishoni imene boma linaitenga. Katundu akatsika kutsidya, kunalibe njanji, misewu inali yochepa, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu.

Apa ndi pamene atengatenga analowera. Olemba mbiri amati dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amuna amene anasenzako katundu wa nkhondo anali pafupifupi 200,000, pa nthawi imene anthu onse m'dziko muno anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Tanthauzo lake n'lakuti panalibe mudzi umene sunakhudzidwe. Poyamba ena ankapita okha pofuna ndalama ya msonkho. Mbiri ya zimene zinkachitika kutsogoloko itafika kumudzi, odzipereka anasowa, ndipo boma linayamba kugwira anthu. Mafumu ankauzidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, wolephera n'kuopsezedwa kuti achotsedwa pa mpando. Amesenjala ndi apolisi ankafika usiku anthu ali m'tulo. Mwamuna akathawira kuphiri kapena kutchire, ankagwira mkazi wake mpaka iye atatulukira. Ogwidwawo nthawi zina ankawamanga chingwe pa ulendo wopita ku boma.

Mtengatenga ankasenza mtolo wolemera makilogalamu oposa 20, kuwonjezera pa bulangete ndi phoso lake. Ankayenda wopanda nsapato, kukwera mapiri a Livingstone kumene kumazizira mpaka kulowa m'mafupa, munthu wobadwira ku chigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja ya Chilwa atangofunda nsalu imodzi. Panalinso vuto la masamu limene akuluakulu a nkhondo sanalithetse. Wosenza ufa nayenso amadya, tsono ulendo ukatalika, gawo lalikulu la mtolo limathera m'njira, ndipo pamafunika anthu enanso osenzera chakudya osenza anzawo. Chakudya chikachepa, woyamba kuchepetseredwa anali mtengatenga. Kamwazi, chibayo, malungo ndi zilonda za m'mapazi zinapha anthu ambiri kuposa chiwaya, mfuti yolavula zipolopolo imene makolo anatchulira nkhondo yonseyo. Wodwala wolephera kuyenda nthawi zambiri ankasiyidwa m'mbali mwa njira. Mabuku a boma analemba imfa zikwi zingapo, koma sanawerenge amene anathawa n'kufera m'tchire, kapena amene anamasulidwa atadwala kale n'kukafera pa njira ya kwawo kapena pakhomo.

Kumudzi nako kunali nkhondo yake. Minda inatsala m'manja mwa amayi, ana ndi nkhalamba, pamene boma linkafunanso chimanga, mpunga ndi ng'ombe zodyetsera asilikali. Njala inagwa m'madera ambiri chakumapeto kwa nkhondo. Mkulu wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, atawoloka Ruvuma kulowa m'Mozambique mu Novembala 1917, ulendo wom'thamangitsa unatalikiratu, ndipo anthu enanso anafunika. Pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918 asilikali a Keyala a dziko lino analimbana naye koopsa pa Lioma, m'dziko la Alomwe, kum'mawa kwa malire athu. Anawapulumuka, nabwerera kumpoto, n'kulowa m'Zambia ya lero. Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala, koma iye anadzatula zida pa Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918. Anthu atayamba kubwerera kwawo, fuluwenza inabwera nawo limodzi m'sitima ndi m'misasa, ndipo inalowa m'midzi imene inali itafooka kale ndi njala.

Nsanja ya pa Zomba inamangidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1920. Tiyenera kuvomereza kuti pa nthawi imeneyo kulemba dzina la msilikali wakuda pa chipilala sichinali chizolowezi. Ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam anaimika ziboliboli za asilikali akuda popanda kutchula munthu ndi mmodzi yemwe. Pa Zomba mayina alipo, ndipo munthu angathe kuima n'kuwerenga limodzi ndi limodzi, n'kumva momwe akumvekera ngati a kwawo. Chimenechi n'chinthu chamtengo wapatali. Komabe chipilalachi ndi cha Keyala, cha amene anali ndi nambala ndi yunifolomu. Atengatenga, omwe anali ochuluka kuwirikiza kakhumi, alibe khoma lawo. Anadutsa pa msewu womwewu, anakagona m'nkhalango zomwezo, ndipo popanda iwo palibe msilikali akanafika ku Songea kapena ku Lioma. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa ndi Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo linati tsankho linali m'gulu la zifukwa zake. Ambiri mwa anthu amenewo anali osenza katundu a nkhondo ya kuno kum'mawa kwa Africa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse lapansi inatenganso amuna pafupifupi 30,000 a dziko lino. Mu Julayi 1940 bataliyoni yoyamba inalimbana ndi Ataliyana pa Moyale, pa malire a Kenya ndi Ethiopia, n'chifukwa chake kampu ya ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo. Mwezi wotsatira bataliyoni yachiwiri inali pa Tug Argan ku Somaliland. Anafika ku Gondar mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali ku Burma, akutsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula kulondola asilikali a Japan mpaka ku mtsinje wa Chindwin. M'zaka za m'ma 1950 anawatumizanso ku nkhalango za Malaya.

Amenewa ndiwo agogo amene ife okulira m'Zomba tinkawaona pa nyumba za pafupi ndi chipilala. Masiku wamba anali nkhalamba ngati zina zonse, kuwothera dzuwa pakhonde, wina akusoka chigamba, wina akupalira timbewu kuseri kwa nyumba. Mwana akadutsa n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, agogo?" ankayankha mwaulemu ngati akuyankha munthu wamkulu. Ena anali osaona, ena anali ndi ndodo. Akayamba kusimba, sankayambira pa kuombera. Ankanena za nyanja yaikulu yopanda tsidya, za misundu ya ku Burma imene inkalowa mpaka m'nsapato, za mvula yosakata, za mpunga, za Chiswahili ndi Chinyanja cha usilikali chimene akuluakulu awo ankalamulira nacho. Nkhani ya malonjezo inkabwera pambuyo, ndipo mawu ankasintha. Ambiri anabwerera ku nkhondo ali ndi chikhulupiriro chakuti adzapatsidwa ntchito, malo kapena penshoni, koma chimene analandira chinali kandalama kotsanzikira, kochepa poyerekeza ndi ka msilikali wachizungu wa udindo womwewo. Anakalamba akudalira achibale, boma ndi zopereka za mabungwe a asilikali opuma, monga limene kale linkatchedwa CELOM ndipo tsopano ndi VELOM.

Lamulungu lachiwiri la Novembala likafika, malowa amasintha. Udzu amautchetcha, miyala amaipaka laimu, ndipo sabata yonse anthu amakhala atavala kaduwa kofiira ka popi pachifuwa. Asilikali a pa Cobbe amabwera pa perete, abusa ndi mashehe amapemphera motsatizana, chifukwa ambiri mwa ogona pa mndandandawo anali Asilamu. Nthawi ikakwana 11 koloko, lipenga limalira ndipo aliyense amakhala chete kwa mphindi ziwiri. Kenako akuluakulu amayala nkhata za maluwa. Chimene chinkandigwira mtima chinali kuona agogo aja atavala majekete awo otsukidwa bwino, mamendulo akulendewera, munthu amene dzulo lake ankayenda chowerama akudziwongola kuti apereke sawasha. Chaka ndi chaka mzere wawo unkafupika. A nkhondo ya chiwaya anatha kalekale, ndipo a ku Burma amene atsala ndi owerengeka, onse a zaka za m'ma 100.

Mwambowu ndi wabwino ndipo uyenera kupitirira, koma ndi mwambo umene unachokera ku London, ndipo tsiku lake ndi la kutha kwa nkhondo ku Ulaya. Makolo athu anali ndi njira yawo yokumbukira. Obwerera ku nkhondo anabweretsa perete m'mudzi n'kumusandutsa gule. Beni wa kwa Ayao, malipenga a ku Nkhata Bay, Likoma ndi Karonga, mganda wa m'chigawo chapakati, onsewa ali ndi mizere ya usilikali, maudindo, makabudula ndi masokosi aatali, zikho zolira m'malo mwa malipenga a mkuwa. Magulewa anatengera zimene anthu anaona ku bandi ya asilikali, ndipo anafalikira kwambiri nkhondo yoyamba itatha. Ovina lero ambiri sadziwa kuti mapazi awo akuponda m'mapazi a anthu a pa chipilala chija. Komanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 wolemba mbiri Melvin Page, akuphunzitsa ku Chancellor College, anayenda m'midzi pamodzi ndi ophunzira ake kukacheza ndi asilikali ndi atengatenga amene anali adakali moyo. Zambiri zimene tikudziwa za kugwidwa usiku ndi za njala ya pa ulendo zinachokera pakamwa pa nkhalamba zimenezo.

Pa ufulu wa 1964 bataliyoni yoyamba ya Keyala inasanduka Malawi Rifles, ndipo mu 1972 Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulamulira gulu lonse la nkhondo. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo m'nthawi ya Bingu wa Mutharika kunamangidwa nsanja ina yachikumbutso pafupi ndi Capital Hill, kumene mwambo waukulu wa Novembala umachitikira kawirikawiri. Mayina oyenera kukumbukiridwa nawo sanaleke kuwonjezeka. Asilikali athu anataya anzawo poteteza njanji ya ku Nacala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu Novembala 2018, patangopita masiku ochepa dziko lonse lapansi litakumbukira zaka 100 za kutha kwa nkhondo yoyamba, asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo ali pa ntchito yosungitsa mtendere. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Iye anapita pansi pa mbendera ya dziko lake, dzina lake linalengezedwa, ndipo thupi la msilikali wa lero limabwera kwawo kudzaikidwa ndi abale ake. Agogo ake a m'nthawi ya Keyala zimenezi sanazione.

Ntchito yotsala ndi ya atengatenga. Ku Cape Town, mu Januwale 2025, anatsegula chikumbutso cha anthu oposa 1,700 a ku South Africa amene anafa akugwira ntchito za nkhondo yoyamba popanda mfuti, aliyense ndi mtengo wake wolembedwa dzina. Mayinawo anawafufuza m'mabuku akale ndi kwa zidzukulu. Ifenso tili ndi poyambira. Nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lino, National Archives, ili mu Zomba momwemo, yunivesite ili pomwepo, ndipo m'midzi ya ku Mulanje, Ntcheu, Dowa, Mzimba ndi Karonga mukadali mabanja amene amatchula m'bale wa agogo awo amene anatengedwa usiku osabwerera. Ophunzira a mbiri atatumidwa kwa mafumu ndi kwa eni mbumba, monga anachitira anzawo zaka 50 zapitazo, angabwere ndi mayina, midzi ndi mafuko. Sadzapezeka onse, koma amene angapezeke alembedwe pa khoma lawo pambali pa nsanjayo, moyang'ana msewu wa ku Mangochi umene anadutsamo ndi mitolo.